KUSAMVANA PA WAILESI KUMAGWETSA NDEKE POTERA

Anthu a m'boma la Lundazi saona ndeke pafupi kawirikawiri. Zimene zimatera pa kabwalo ka pa boma ndi zing'onozing'ono. Zikuluzikulu zimangopita m'mwambamwamba, kusiya kamzere koyera m'thambo, phokoso n'kumveka pambuyo ndekeyo itapita kale. Mlimi akaweramuka m'munda amaona kanthu konga mtanda, osaganiza kuti kutsogolo kwa kanthuko kuli anthu awiri amene achera khutu ku mau a munthu wina wokhala pansi, munthu amene sanamuonepo nkhope ndipo kapena sadzamuona konse.

Nthawi yovuta kopambana pa ulendo wa ndeke ndi mphindi zotsiriza, pamene yasiya kuuluka pamwamba ndi kuyamba kutsika kulinga ku bwalo. Pamenepo nthaka yayandikira, mapiri ali pafupi, ndeke zina zikufuna mseu womwewo, mafuta acepa, ndipo oyendetsa atopa. Usiku kapena m'mitambo woyendetsa saona kanthu pa zenera. Amadalira zipangizo zili patsogolo pake ndiponso mau a wa pansanja, ndiye kuti munthu amene nchito yake ndi kulondolera ndeke ali pa bwalo. Nayenso wa pansanjayo, ngati alibe makina a radar oonetsa pamene ndeke yafika, amadziwa zokhazo zimene woyendetsa wamuuza.

Ambiri amaganiza kuti tsoka limadza wailesi ikafa. Koma wailesi ikafa, onse awiri amadziwa kuti zinthu zavuta, ndipo pali malamulo oti atsate. Coopsa ceniceni ndi pamene wailesi ikumveka bwinobwino, mau akupita ndi kubwera, aliyense n'kukhulupirira kuti wamva mnzake pamene sanamumve.

KALANKHULIDWE KA PA WAILESI

Cifukwa ca ici maiko anapangana kalekale za kalankhulidwe ka m'mlengalenga. Bungwe la ICAO, loona za maulendo a ndeke pa dziko lonse, limene likulu lake lili ku Montreal m'dziko la Canada ndipo Zambia ndi membala wake, linaika Cingerezi kukhala cinenero cokumanirapo onse. Koma si Cingerezi ca m'kalasi ai. Ndi mau owerengeka, osankhidwa bwino, liu lililonse ndi tanthauzo lake limodzi. Malemba ali ndi maina ao, kotero kuti wofuna kuchula dzina la Lundazi pa wailesi anganene kuti Lima, Uniform, November, Delta, Alfa, Zulu, India. Nambala 9 amaichula "niner" kuti isafanane ndi 5. Liu lija lakuti "Roger," limene anyamata amalikonda akamasewera za usilikali, litanthauza cabe kuti uthenga wafika. Silitanthauza inde, ndipo silitanthauza kuti ndidzacita.

Lamulo loposa onse ndi la kubwereza. Wa pansanja akati tsikani kufika mafiti 7,000, woyendetsa ayenera kubwereza nambalayo, ndipo wa pansanja ayenera kumvetsera ngati yabwerera monga momwe anaitumizira. Akuluakulu a m'midzi sangadabwe nalo lamulo limeneli. Pa bwalo la milandu kapena pa maliro mau sangoponyedwa cabe. Amapatsira nduna kapena nkhoswe, iyo n'kuwabwereza pamaso pa onse, kuti mawa wina asadzanene kuti anamva zina.

Ndipo anthu a ku Lundazi, kumene Citumbuka ndi Cicewa zimakumana pa msika tsiku ndi tsiku, adziwa mmene liu limodzi limasoceretsera. Mtumbuka akati "mayiro" anena za dzulo, koma wa ku Lusaka akati "mailo" angakhale akunena za dzulo kapena za mawa. Pa msika kusamvana kotere kumatha ndi kuseka. M'ndeke imene ikudya makilomita 4 kapena kuposa pa mphindi imodzi, nthawi yoseka palibe.

ULENDO WOCOKERA KU MBALA

Ngozi imene ionetsa bwino nkhani imeneyi inayambira muno m'Zambia. Pa Sondo, 19 Okutobala 1986, Pulezidenti Samora Machel wa Mozambique anabwera kudzakumana ndi Pulezidenti Kenneth Kaunda, a José Eduardo dos Santos a ku Angola ndi a Mobutu Sese Seko a ku Zaire. Ndeke ya a Machel, ya mtundu wa Tupolev 134, inaima pa Lusaka m'mawa kumwa mafuta isanapitirire ku Mbala. Oiyendetsa anali amuna 5 a ku Soviet Union: kaputeni Yuri Novodran, womthandiza wake, woona za njira, woona za injini ndi wolankhula pa wailesi. Msonkhano utatha, ndekeyo inanyamuka pa Mbala nthawi ya 18:38 ndi anthu 44, ndipo inali kuyembekezeka pa Maputo nthawi ya 21:25.

Kaputeni sanali kulankhula yekha ndi Maputo. M'kati mwa ndeke anali kukambirana m'Cirasha. Wa wailesi ndiye anali kutenga mauwo ndi kuwaika m'Cingerezi, ndipo wowalandira pansi anali wa ku Mozambique, dziko limene nchito za boma zimayenda m'Cipwitikizi. Panalibe ndi mmodzi yemwe mwa iwo amene anayamwa Cingerezi.

Nthawi ya 21:02 oyendetsa anauza Maputo kuti akonzeka kutsika. Wa pansanja anawalola, nawauza kuti amudziwitse akafika pa mafiti 3,000 kapena akaona nyale za mseu wa ndeke. Kuyambira pamenepo khutu lake linali kudikira zinthu ziwiri zimenezo, nambala 3,000 ndi liu lakuti nyale.

Nthawi ya 21:10 ndeke inakhotera ku dzanja lamanja ndi madigiri 37. Kaputeni atafunsa cifukwa cake, woona za njira anayankha kuti cipangizo ca VOR cikuloza komweko. VOR ndi wailesi ya pansi imene siilankhula, koma imatumiza cizindikiro cimene ndeke imalondola monga mlenje alondola mapazi a nyama. Kaputeni anakhutira ndi yankholo. Maputo sanauzidwe za kukhota kumeneku. Kucokera apo ndeke inali kulunjika ku mapiri a Lebombo, pamene a m'katimo anali kuganiza kuti akutsikira ku mzinda wa m'mphepete mwa nyanja, kumene kulibe phiri loti aliope.

Atayang'ana kutsogolo sanaone kuwala kwa mzinda. Kaputeni anaganiza kuti magetsi azima ku Maputo, ndipo ganizo limeneli silinali lacilendo, pakuti m'zaka zimenezo za nkhondo ya Renamo magetsi anali kuzimazima mumzindamo. Koma atangolikhulupirira, cina ciliconse cinayamba kuoneka ngati umboni wake. Cipangizo ca ILS, cimene cimatsogolera ndeke kutsika molunjika pa mseu, sicinali kuonetsa kanthu. Iwo anati n'cifukwa ca magetsi omwewo. Sanaganize kuti cingakhale cete cifukwa cakuti ndeke ili kutali ndi kumene iyenera kukhala.

Nthawi ya 21:18 wa wailesi anauza Maputo kuti afika pa mafiti 3,000 ndipo akukhala pomwepo. Mauwo sanali oona. Ndeke inali kutsikabe. Wa pansanja anawalola kutera pa mseu 23 motsogozedwa ndi ILS, ndipo atamva kuti ILS siikugwira nchito, anasintha nawalola kutera pa mseu 05 poyang'ana ndi maso. Cilolezo cotere ndi ca munthu amene akuona bwalo. Iwo sanali kuona kanthu koma mdima, komabe anacilandira.

Tsono womthandiza kaputeni ananena kuti mseu suli woyaka, ndipo wa wailesi anatumiza mau akuti "check your runway lights." Iye anali kupempha kuti wa pansi aone ngati nyale zake zikuyaka, ndiye kuti, ife kuno sitikuziona. Koma wa pansanja anayankha monga munthu amene wamva liu lija anali kudikira. Anabwereza cilolezo cotera, nafotokoza mbali yoti azungulire. Pempho la nyale linatumizidwanso, ndipo mphindi zinali kutha mbali ziwirizo zikupatsana mau osakumana.

Belu locenjeza kuti nthaka yayandikira linayamba kulira, ndipo linalira masekondi 32. Lamulo la belu limeneli ndi limodzi: kweza ndeke msanga, mafunso pambuyo. Ndeke siinakwezedwe. M'masekondi otsiriza ndi pamene wa wailesi ananena poyera kuti nyale sakuziona, ndipo wa pansanja anamva. Nthawi ya 21:21 ndeke inagunda phiri pa Mbuzini, m'kati pang'ono mwa malire a South Africa, makilomita ngati 65 kumadzulo kwa Maputo. Pamalopo ndi pokwera mafiti osafika 2,200, kutanthauza kuti ndeke inali mafiti oposa 800 pansi pa pamene Maputo anali kuiganizira. Anthu 35, kuphatikizapo a Machel, anataya miyoyo yao, ndipo 9 anapulumuka. Pakuti mau otsiriza anali a ndeke imene yatsala pang'ono kutera, ofunafuna anayamba kuyang'ana pafupi ndi mzinda, ndipo boma la Mozambique linauzidwa za malo enieni kutaca.

Cimene cinakhotetsa ndekeyo ndi nkhani imene mpaka lero siinagone. Bungwe lofufuza la boma la tsankho la South Africa, lotsogozedwa ndi woweruza Cecil Margo, linati mu 1987 kuti mlandu unali wa oyendetsa, ndi kuti mwina anachera VOR ya ku Matsapa m'dziko la Swaziland, limene tsopano ndi Eswatini, m'malo mwa ya ku Maputo. Soviet Union inakana, niti ndekeyo inanyengedwa ndi VOR yabodza yoikidwa dala. Anthu ambiri a m'maiko a kuno kum'mwera, amene anaona zocita za boma la tsankho, akhulupirira comweco. Bungwe la Truth and Reconciliation Commission la South Africa linaiunikanso nkhaniyi mu 1998, koma silinathe kuimaliza.

Koma ngakhale amene akhulupirira kuti panali ciwembu ayenera kuima pa mfundo iyi: kucokera pa kukhota kufikira pa kugunda phiri panapita mphindi 11, ndipo wailesi inali yamoyo nthawi yonseyo. M'mphindi zimenezo wa m'mwamba sananene kuti tasocera, ndipo wa pansi sanafunse kuti kodi muli pati kwenikweni. Ngati msampha unalipo, mau awiri amenewa akanatha kuuonjola. Pa Mbuzini pali cikumbutso ca mipope yacitsulo 35, cimene a Nelson Mandela ndi a Joaquim Chissano anatsegulira mu Januwale 1999.

NAMBALA IMODZI IKASOWA

Nthawi zina colakwa cimakhala cocepa kuposa apa. Mu Sepitembala 1974 ndeke yaikulu ya British Airways, ya mtundu wa Boeing 747, inali kutsikira pa Nairobi. Wa pansanja anati "seven five zero zero," ndiye kuti mafiti 7,500. Liu loyamba silinalowe m'makutu a oyendetsa, ndipo anabwereza kuti alolezedwa kufika mafiti 5,000. Wa pansanja sanawaongole. Tsono bwalo la Nairobi lili pamalo okwera mafiti oposa 5,300, motero ndekeyo inali kutsikira pansi pa nthaka. Inatuluka m'mitambo itatsala mafiti ngati 70 kuti igunde, ndipo kaputeni anaikweza msanga. Onse anapulumuka. Lamulo la kubwereza linatsatidwa ndi pakamwa, koma khutu loyenera kumvetsera linali kwina.

A pa Kuala Lumpur, m'dziko la Malaysia, analibe mwai wotere. Pa 19 Febuluwale 1989 wa pansanja anauza ndeke ya katundu ya Flying Tiger Line kuti itsike "two four zero zero," mafiti 2,400. M'Cingerezi liu la nambala 2 limveka cimodzimodzi ndi kaliu kakuti "to," kotanthauza kufika ku. Oyendetsa anamva kuti atsike kufika mafiti 400. Anagunda phiri, ndipo onse 4 anafa. Nalonso belu locenjeza linalira osamvedwa.

Ngozi ya ku New York pa 25 Januwale 1990 ili ndi phunziro limene likhudza anthu a kuno kwambiri. Ndeke ya Avianca yocokera ku Colombia inazungulira m'mwamba koposa ola limodzi kudikira mpata wotera cifukwa nyengo inali yoipa. Mafuta anali kutha. Kaputeni anauza womthandiza wake m'Cisipanishi kuti auze a pansi kuti ali pangozi. Womthandizayo anali atapempha kale "priority," ndiye kuti awaike patsogolo, ndipo tsopano ananena kuti mafuta akutha. Koma sanachule liu lakuti "Mayday" kapena lakuti "emergency," mau amene akamveka ndeke zina zonse zimapatuka. Kwa a pansanja a New York, amene amamva madandaulo a mafuta tsiku lililonse, mau akewo anamveka ngati a munthu wofulumira cabe. Atampatsa njira yozungulira kutali ndi kumfunsa ngati mafuta akwana, iye anavomera mwaulemu nathokoza. Injini zinazima, ndipo anthu 73 mwa 158 anafa.

Mwambo wa kuno umaphunzitsa mwana kusalankhula molunjika pamaso pa wamkulu. Wobwera ndi uthenga wa maliro amayamba ndi kuti odwala aja atopa. Wa njala amati anangopita kudzaona ngati mwauka. Ndi mwambo wabwino, ndipo umasunga mtendere m'mudzi. Koma mnyamata kapena mtsikana wa ku Lundazi amene afuna kudzakhala pa mpando wa woyendetsa ndeke kapena pansanja ayenera kuphunzira kuuvula mwambowu pakhomo monga nsapato. Pa wailesi wamng'ono amauza wamkulu kuti mwalakwa, ndipo amene sanamve amati "say again," kawiri kapena katatu, popanda manyazi. Safunsa anadya phula.

ZIMENE ZINASINTHA

Ngozi zimenezi sizinapite pacabe. Itacitika ya pa cisumbu ca Tenerife mu 1977, pamene ndeke ziwiri zinaombana pa mseu m'nkhungu ndi kupha anthu 583, liu lakuti "take-off" linaletsedwa kuchulidwa wamba. Limanenedwa pokhapo popereka kapena pocotsa cilolezo ceniceni conyamukira. Makampani a ndeke anayamba kuphunzitsa anchito ao kugwirira pamodzi, kuti kaputeni asakhale mfumu yosatsutsika. Kuyambira mu 2008 ICAO inalamula kuti oyendetsa ndeke za pakati pa maiko ndi a pansanja aziyesedwa Cingerezi. Mayesowo ali ndi magawo 6, ndipo wosafika pa gawo 4 saloledwa. Sayesa galamala yokha. Amayesa ngati munthu angafotokoze vuto limene silili m'buku, ndiponso ngati angazindikire kuti mnzake sanamumve.

Muno m'Zambia a pansanja ndi anchito a Zambia Airports Corporation, imene imayendetsanso mabwalo aakulu a Lusaka, Ndola, Livingstone ndi Mfuwe. Sukulu ya ZASTI ku Lusaka ndiyo imaphunzitsa za nchito za ndeke, ndipo bungwe la Civil Aviation Authority ndilo limapereka ziphaso.

Pa timabwalo ta m'maboma nkhani ndi ina, pakuti kawirikawiri sipakhala nsanja. Woyendetsa amalengeza yekha pa wailesi kuti ali pati ndipo afuna kutera mbali iti, kuti ndeke ina imene ingakhale pafupi imve. Ndiye amazungulira kabwaloko kuyang'ana mphepo ndi kuona ngati pa mseu palibe kanthu. Ndeke ikamazungulira cotero, ikulankhula ndi anthu a pansi m'cinenero cokhaco cimene ili naco. Abusa a ng'ombe ndi okwera njinga amene amadula njira pa bwalo ayenera kumva kuti ikuti cokani.

PAMENE MAU SANASUNGIDWE

Zonse zimene zadziwika za Mbuzini, Kuala Lumpur ndi New York zadziwika cifukwa mau anajambulidwa. Ofufuza anakhala pansi ndi kumvetsera liu lililonse, nadziwa pamene kusamvana kunayambira. Pamene mau sanasungidwe, pamatsala mphekesera.

Zambia inaziona zimenezi isanalandire ufulu. Usiku wa pa 17 kucera pa 18 Sepitembala 1961, ndeke yonyamula Mlembi Wamkulu wa United Nations, a Dag Hammarskjöld, inafika pamwamba pa Ndola kucokera ku Léopoldville, kumene tsopano ndi Kinshasa. Pakati pa usiku patangopita pang'ono, oyendetsa anati aona nyale za bwalo ndipo akutsika. Wa pansanja anawauza kuti amudziwitse akafika pa mafiti 6,000. Iwo anavomera, ndipo sanamvekenso. Akuluakulu a atsamunda amene anali pa bwalo anamasulira kukhala cete kumeneku kuti mlendoyo wasintha maganizo napita kwina, ndipo anapita kukagona. Ndekeyo inali ikuyaka m'thengo makilomita ngati 15 kucokera pa bwalo, ndipo oocha makala anauona motowo. Boma linafika pamalopo patapita maola ngati 15. Anthu onse 16 anafa, ngakhale mmodzi, Harold Julien, anapezeka wamoyo nakhala masiku angapo m'cipatala. Mau a pansanja ya Ndola usiku umenewo sanajambulidwe. Patapita zaka zoposa 50, United Nations inapatsa woweruza Mohamed Chande Othman wa ku Tanzania nchito yofufuzanso ngati ndekeyo inagwa yokha kapena inagwetsedwa.

Malamulo a ICAO amati mau onse a pakati pa ndeke ndi nsanja azijambulidwa ndi kusungidwa kwa masiku osacepera 30. Munthu angaganize kuti za ku Ndola ndi za makedzana. Koma ngozi imene inacitika pafupi ndi Lundazi posacedwapa ionetsa kuti si conco.

Pa 10 Juni 2024 ndeke ya asilikali a Malawi, ya mtundu wa Dornier 228, inanyamuka pa Lilongwe m'mawa kupita ku Mzuzu. Inanyamula Waciwiri kwa Pulezidenti, a Saulos Chilima, amene anali kupita ku maliro. Kumpoto kunali nkhungu ndi mitambo yotsika. Ndekeyo inagwa m'nkhalango ya Chikangawa, m'mapiri a Viphya, malo amene wa ku Lundazi wopita ku Mzuzu podzera pa Lusuntha ndi Jenda amapitapo. Inapezeka tsiku lotsatira, anthu onse 9 atafa. A Lazarus Chakwera, amene anali Pulezidenti pa nthawiyo, anauza mtundu wao kuti a pa bwalo la Mzuzu anauza ndekeyo kuti isatere cifukwa ca nyengo, ibwerere ku Lilongwe.

Boma la Malawi linaitana akatswiri a bungwe la BFU la ku Germany kudzafufuza. Iwo anapeza kuti oyendetsa anapitiriza ulendo akuuluka motsika m'nyengo yosaoneka bwino mpaka anagunda phiri. Sananene kuti kusamvana pa wailesi ndiko kunagwetsa ndekeyo, ndipo nkhani ino siikunena comweco. Koma anapezanso kuti ndekeyo inalibe makina ojambula mau a oyendetsa, kuti mau a pa wailesi pakati pa ndeke ndi a pansi sanajambulidwe, ndi kuti kacipangizo koitana ofunafuna ndeke ikagwa kanali ndi batire imene inatha nthawi yake mu 2004. Njira imene ndekeyo inayenda anailondola pa kacipangizo ka GPS kamene kanali m'ndekemo. Kameneka kamasunga malo, kutalika ndi nthawi, koma sikasunga mau. Za zimene woyendetsa ananena, zimene anauzidwa, ndi ngati anabwereza monga anauzidwira, ofufuza anadalira cikumbumtima ca anthu a mbali imodzi yokha, a pansi.